Kagawidwe ka Nthawi pa Wailesi ya ku Lusaka

Mphunzitsi ali yense amene anayesapo kulemba taimutebulo ya sukulu ya makalasi anai, aphunzitsi ali awiri okha, adziwa kuti kugawa nthawi ndi mlandu wosatha. Akaonjeza mphindi khumi pa Masamu, ayenera kuzilanda kwa Kuwerenga. Akaika Cingerezi m'mawa ana asanatope, ndiye kuti waweruza kale kuti Zaulimi zidikire dzuwa la masana. Pepala lija lopacikidwa pa khoma lioneka ngati mizere cabe, koma munthu wodziwa kuliwerenga angaonemo cimene eni sukulu aciyesa cacikulu ndi cimene aciyesa cacing'ono.

Nyumba youlutsira mau iri nayonso taimutebulo yace, ndiyo ndandanda ya mapulogalamu, ndipo bvuto lace liposa la sukulu. Mwana sangaturuke m'kalasi phunziro likamtopetsa, koma womvera wailesi angopotoza kabatani, mau nkuzima. Mbiri ya wailesi ya ku Lusaka isonyeza bwino lomwe m'mene akulu a Boma analembera ndandanda yotere, ndi m'mene omvera anaikonzera, cinkana sanaitanidwe ku msonkhano uli wonse.

Ciyambi cace pa nthawi ya nkhondo

Wailesi ya ku Lusaka inabadwa cifukwa ca nkhondo. M'caka ca 1941 anyamata ambiri a ku Northern Rhodesia anali ku usilikali, ena ku East Africa, ndipo pambuyo pace ena anaoloka nyanja kunka ku Burma. Kumudzi kunatsala makolo ndi akazi osadziwa kanthu, ndipo pamene palibe nkhani yoona, mphekesera ndiyo imera ngati bowa. Boma linaopa mphekeserazo. Cotero ofesi yace yofalitsa nkhani inaimika makina ang'ono a mphamvu ya mawati 300 pa bwalo la ndege la mu Lusaka, niyamba kuulutsa za nkhondo kwa kanthawi kocepa.

Nanga omvera anali yani? Munthu wakuda wokhala ndi wailesi yaceyace anali wosowa. Boma linaika mawailesi pa maboma, pa mabwalo a mafumu ena, ndi m'maholo a m'makomboni, kuti anthu adzisonkhana kumvera pamodzi. Njira imeneyi sinapindule kweni-kweni. Khamu licita phokoso. Batire likatha panalibe wofulumira kutumiza lina. Ndipo m'holo ya m'tauni, m'mene munakhala Mbemba, Mlozi ndi Mcewa pa benci limodzi, cinenero ciri conse cimene cinaturuka m'bokosi cinasiya ambiri ali kuyasamula.

Mkulu wa ofesi ija anali Bwana Harry Franklin. Nkhondo iri kutha, m'caka ca 1945, iye anapereka maganizo akuti wailesi ya ku Lusaka isafe pamodzi ndi nkhondo, koma ikhale ya anthu akuda okha-okha. Popeza Northern Rhodesia payekha sakanatha kulipira zonse, Southern Rhodesia ndi Nyasaland anakopedwa kuti athandize ndalama zoyendetsera, ndipo Boma la ku Britain linapereka ndalama zogulira makina ndi kumangira nyumba. Pangano linali lakuti Salisbury adziulutsira Azungu a m'maiko onse atatu, ndipo Lusaka adziulutsira anthu akuda a m'maiko omwewo. Umo ndimo inayambira nyumba yochedwa Central African Broadcasting Station, imene pofika 1950 inali itakhazikika, ndipo ambiri aiyesa yoyamba mu Africa yopatulidwira eni dziko okha.

Kugawa kumeneku kunafanana ndi mamangidwe a mzinda womwe. Lusaka anakhala likulu m'caka ca 1935, ndipo anamangidwa mwa tsankho. Ku mayadi, monga Woodlands ndi Kabulonga, kunali nyumba za magetsi ndi mipanda ya maluwa, ndipo mawailesi akulu a kumeneko anali kuchera ku Salisbury kapena ku London. Ku Kabwata kunali tinyumba tozungulira ta cipinda cimodzi, tofolera ndi udzu, tomangidwira anchito akuda. Towerengeka mwa ito tinasungidwa, ndipo lero ndipo pali Kabwata Cultural Village. Mau oulutsidwa mu Lusaka anali a anthu a ku Kabwata, Chilenje ndi Matero, ndi abale ao a kumidzi. Mzinda unali umodzi, koma madzulo unali kumvera mau awiri.

Wailesi ya sefuliya

Kuulutsa mau popanda omvera kuli ngati kuphunzitsa m'kalasi lopanda ana. Bwana Franklin anatha zaka zitatu ali kupempha makampani a ku Britain kuti apange wailesi yochipa, yolimba, yoyendera batire, yokhoza kugwira mau a patali. Ambiri anakana, poganiza kuti munthu wakuda sangagule. Potsiriza kampani ya Ever Ready inabvomera, ndipo m'caka ca 1949 inafika wailesi imene inachuka ndi dzina lakuti Saucepan Special, cifukwa thupi lace linali sefuliya weni-weni wa aluminiamu wopanda cogwirira, wa mainci 9 m'mimba mwace. M'kati munali mavalavu anai. Ziboo zace zinachingidwa ndi sefa kuti mphemvu ndi ciswe zisalowemo. Anaipaka utoto wa buluu, atafufuza napeza kuti palibe mtundu wa anthu umene unali kuuyesa mtundu umenewo wa malaulo. Batire linali lalikulu, lapadera, ndipo sefuliyayo anali kukhala pamwamba pace.

Mtengo wa wailesi unali £5, ndipo batire linali masheleni 25. Ndalama zimenezi zinaposa malipiro a mwezi a anchito ambiri, komabe m'miyezi itatu yoyamba anagulitsa 1,500, ndipo m'zaka zowerengeka zotsatira analowetsa m'dziko okwana 50,000. Ogula oyamba anali makalaliki, anchito a ku migodi, eni masitolo ndi aphunzitsi. M'midzi yambiri nyumba ya mphunzitsi ndiyo inayamba kuturutsa waya kunka pa mtengo wa mango, ndipo khonde lace linasanduka bwalo la madzulo.

Koma cinthu cacikulu ciri pa batire. Batire limodzi linali kugwira nchito maora 300. Ana a Standard III angathe kuwerengera samu imeneyi: sheleni imodzi inali makobiri 12, cotero masheleni 25 ndiwo makobiri 300. Ndiko kuti ora liri lonse lomvera linali kudya kobiri limodzi, ndipo madzulo a maora atatu anali kudya tiki. Munthu amene alipira kobiri pa ora samvera cimene sacimva, ndipo salekerera cimene cimtopetsa. M'holo ya Boma munthu anali mlendo, wolandira cimene ampatsa. Tsopano anasanduka wogula, ndipo wogula ali ndi mau. Kuyambira pamenepo ndandanda ya ku Lusaka sinathenso kulembedwa mongoganizira zofuna za Boma.

Zinenero zisanu ndi ziwiri, pakamwa pamodzi

Bvuto loyamba la olemba ndandanda linali zinenero. Nyumbayo inali kuulutsa m'Cibemba, Cinyanja, Citonga, Cilozi, Cishona, Cindebele ndi Cingerezi, ndipo pambuyo pace zinaonjezedwa Cilunda ndi Ciluvale. Maora anali ocepa, makamaka a masana ndi madzulo, anthu ataweruka ku nchito. Pali njira ziwiri zogawira, ndipo iri yonse iri ndi cilema cace. Cinenero ciri conse cikapatsidwa tsiku lace, womvera asangalala madzulo amodzi, nakhala masiku asanu ndi limodzi wailesi iri zii. Tsiku liri lonse likadulidwa nthuli-nthuli, ali yense alawako pang'ono, koma ayenera kukhala ndi woci, ndipo kumidzi mawoci anali owerengeka. Pamwamba pa izi, ora la madzulo pamene banja latha kudya siliri lofanana ndi ora la masana pamene amuna ali kumunda. Amene apatsidwa ora labwino aoneka ngati mwana wa mkazi wamkulu.

Cinyanja cinali ndi mwai wace. Cinali cinenero ca ku Nyasaland ndi ca cigawo ca Fort Jameson, kumene lero kuchedwa Chipata. Cinali cinenero ca apolisi a ku Northern Rhodesia. Ndipo cinali kumveka m'misika ya Lusaka mweni. Kuonjeza apo, machona a ku Nyasaland anali mbwee ku Salisbury, ku Bulawayo, ku mgodi wa malasha wa Wankie ndi m'mafamu a fodya. Ora la Cinyanja linali ndi omvera m'maiko onse atatu.

Cimene cinalumikiza maora onsewa ndico nyimbo. Nkhani ya m'Cilozi Mngoni sangaimve, koma silimba ya Alozi aimva ndi thupi lonse. Olemba ndandanda anaphunzira kuti nyimbo ndiyo icititsa munthu kusazima wailesi pamene cinenero cace capita, ndi kuti phunziro liyenera kuikidwa pakati pa nyimbo monga kwinini m'nthoci. Cingerezi copepuka cinathandizanso pa mapulogalamu a onse, koma ico cinali kufikira okhawo amene anapitako ku sukulu.

Mitundu ya mapulogalamu

Eni nyumba anafuna makamaka kuphunzitsa. Panali nkhani za ukhondo, za kukumba zimbudzi, za kusunga nthaka, za nchito za amai, ndi za kutumiza atsikana ku sukulu. Zambiri mwa izo zinali zoona ndi zothandiza. Koma nkhani yowerengedwa pa pepala kwa mphindi khumi ndi zisanu, yolembedwa m'Cingerezi ndi bwana wa ofesi, nimasuliridwa mau ndi mau, siikhala m'mutu wa munthu. Ndiponso pa za ulimi panali cina: ku Nyasaland anthu anali kulipitsidwa ndi kumangidwa cifukwa ca malamulo a malimidwe, tsono mau otamanda migula anamveka ngati mau a kapitao yemwe uja anazula mbeu dzulo.

Akulu ena a m'nyumbamo anaona msanga kuti ulaliki wotere sufika patali. Bwana Michael Kittermaster, amene anali kuyang'anira mapulogalamu, analola aulutsi akuda kuyesa njira zao. Bwana Peter Fraenkel, amene anafika ku Northern Rhodesia ali mnyamata m'caka ca 1939, makolo ace Aciyuda pothawa Hitler, anagwira nchito pamenepo zaka zingapo, nalemba zonse m'buku lace lochedwa Wayaleshi, loturuka mu 1959. Buku limenelo ndilo mboni yaikulu ya masiku amenewo.

Njira imodzi inali sewero. Osewera sanali kupatsidwa mau olembedwa. Anali kupangana mutu wa nkhani ndi m'mene idzathere, kenaka ali yense nkulankhula monga mwa khalidwe la munthu amene amuimira. Izi zinaphula kanthu cifukwa anthu a kuno nthano ndi milandu ya pabwalo anakula nazo, ndipo munthu woyankha mnzace pamaso alankhula Cinyanja ceni-ceni, cosiyana ndi comasulira. Mkangano wa bambo wokana kulipirira mwana wamkazi sukulu ndi mlamu wace womtsutsa unaphunzitsa koposa nkhani khumi za ofesi. Sewero la Citonga lochedwa Malikopo linakhala pa wailesi zaka zambiri-mbiri.

Njira yaciwiri inali kunka kwa anthu. Galimoto la makina ojambulira mau linali kuyendera midzi, ndipo ng'oma, kalimba, nyimbo za pamtondo ndi mbiri za mafumu zinasonkhanitsidwa mu Lusaka. Mudzi umene unamva nyimbo yace ikuturuka m'sefuliya sunaiwale tsikulo. Pano mpoyenera kuchula Bambo Alick Nkhata, wobadwira ku Kasama mu 1922, atate ace Mtonga wa ku Nyasaland, amai ace Mbemba. Anaphunzira uphunzitsi, napita ku nkhondo ku Burma, ndipo atabwerako anagwira nchito ndi Bwana Hugh Tracey, wosonkhanitsa nyimbo za mu Africa, asanalowe m'nyumba ya wailesi. Iye anatenga maimbidwe a kumudzi nawaika pa gitala, naimba m'Cibemba, m'Cinyanja ndi m'zinenero zina za makhalidwe a m'tauni, za akazi ndi amuna, za mowa ndi ulesi, mwa nthabwala yoluma pang'ono. Gulu lace la Lusaka Radio Band ndilo pambuyo pace linachedwa Big Gold Six. Uphunzitsi sanausiye konse. Anangosintha coko ndi gitala.

Koma pulogalamu imene inaposa onse sinali ya Boma, kapena ya aulutsi. Inali ya omvera, ndipo dzina lace linali Zimene Mwatifunsa. Kacitidwe kace kanali kapafupi: munthu alemba kalata, achula dzina lace ndi kumene ali, apereka moni kwa abale ace mmodzi-mmodzi, napempha mbale ya galamafoni imene afuna. Muulutsi awerenga maina, naika mbaleyo. Anthu ophunzira ena anali kuinyoza kuti njopanda nzeru, ndi kuti idya maora amene akanaphunzitsira anthu. Iwo sanaone cimene anthu wamba anaona. Maiko atatuwa anali maiko a mabanja obalalika. Mwamuna ali ku Luanshya, mkazi ali ku Petauke; mwana ali ku Bulawayo, amace ali ku Dedza, osadziwa kuwerenga kalata ngakhale itafika. Dzina likachulidwa pa wailesi, mudzi wonse unadziwa kuti uje ali moyo, ali pa nchito, ndipo sanaiwale kwao. Ngakhale kumudziko kunalibe wailesi, wina amene anamva pa sitolo anali kukafikitsa mau m'mawa mwace. Kunali kuika maliro a mphekesera ndi sitampa imodzi.

Makalata anaculuka koposa maora, kotero kuti wopempha anali kudikira nthawi yaitali dzina lace lisanamveke. Ndipo makalata omwewo anakhala ngati mayeso a nyumba yonse, pakuti anaulula zimene anthu akonda. Azungu ena okonda za makolo anafuna kuti anthu akuda adzimvera ng'oma zokha-zokha. Makalata anapempha ng'oma ndithu, makamaka a kumidzi, koma anapemphanso magitala a George Sibanda wa ku Bulawayo, nyimbo zobvina za ku Johannesburg, rumba ya ku Congo, ndi Jimmie Rodgers wa ku America, amene anamwalira kale mu 1933 osadziwa kuti adzakhala mlendo wa madzulo ku Kabwata. Olemba ndandanda anagonja, napatsa zonsezi malo.

Citaganya ndi mbiri ya banyama

Panali gawo limodzi la ndandanda limene makalata sanathe kulikonza, ndilo nkhani za tsiku ndi tsiku. Izi zinali kukonzedwa m'Cingerezi pansi pa maso a Boma, ndipo muulutsi wakuda anali kungomasulira ndi kuwerenga. Masiku a mtendere palibe anadandaula. Koma kuyambira 1951 nkhani yaikulu inali ya kuphatikiza maiko atatu m'Citaganya, cinthu cimene pafupi-fupi anthu akuda onse a ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland anacikana, poopa kuti ulamuliro wa Azungu a ku Salisbury udzafika kwao. Bambo Harry Nkumbula, mtsogoleri wa Congress, anatentha pepala la Boma la Citaganya pamaso pa khamu mu Lusaka m'caka ca 1953. Wailesi inali ya Boma, ndipo inayenera kufotokoza ubwino wa cinthu cimene omvera ace anadana naco.

Womvera saona bwana amene analemba nkhani. Iye amva liu la munthu amene amdziwa, yemwe uja anawerenga moni wa mwana wace dzana. Tsono liu lomwelo likayamba kutamanda Citaganya, afunsa kuti, kodi munthuyu wadya ciani? Yankho linapezeka m'mbiri yakale ya banyama, anthu amene amati agwira anzao usiku ndi kuwapopa magazi, kapena kuwalanda nzeru kuti asanduke akapolo a Azungu. Ku Malawi mbiri yotere aicha ya anamapopa. Mbiriyi inali kumveka kumpoto kwa Northern Rhodesia ngakhale nkhondo isanayambe, koma mu 1952 ndi 1953 inayaka ngati moto wa lupsa. Kunamvekanso kuti shuga wathiridwa mankhwala oletsa kubala. Dzina la bungwe la Capricorn Africa Society, limene linali kukometsa Citaganya, linasanduka citonzo ca munthu ali yense woganiziridwa kuti ndi kazitape. Aulutsi a ku Lusaka analowa m'gulu la oganiziridwa. Iwo sanali kugona ku Woodlands. Poweruka anali kubwerera ku makomboni omwewo kumene mbiriyo inali kuwira, ndipo Bwana Fraenkel afotokoza za mantha ndi ziopsezo zimene anakomana nazo.

Nkwapafupi kuseka makolo aja kuti anakhulupirira zopanda pace. Magazi sanapopedwe, ndipo shuga analibe kanthu. Koma pa cinthu cimodzi iwo sanalakwe: anazindikira kuti liu limene ali kumva lalandidwa mwini wace, ndi kuti munthu ali kulankhula zimene mtima wace sunabvomere. Analibe mau a ndale onenera zimenezo, tsono ananena m'mau amene anali nao. Cikhulupiriro cimene nyimbo ndi moni zinamanga pa zaka zingapo, gawo la nkhani linacigumula pa miyezi yowerengeka. Bwana Franklin mwini, amene anali atacoka kale m'ofesi ija, anatsutsa Citaganya, nalemba buku la kugwa kwace lochedwa Unholy Wedlock mu 1963.

Citaganya cinakhazikitsidwa mu 1953, ndipo mu 1958 nyumba ya ku Lusaka inakhala nthambi ya anthu akuda ya Federal Broadcasting Corporation, imene likulu lace linali ku Salisbury. Anthu sanaleke kumvera. Anaphunzira kusankha: nyimbo ndi moni anali kulandira ku Lusaka, koma za ndale anali kuzifuna kwina. Apa sefuliya uja anacita cimene Boma silinaganizire, pakuti wailesi yogwira mau a patali siidziwa malire a dziko. Munthu akapotoza pang'ono anali kupeza Cairo kapena Dar es Salaam. Bambo Andreya Masiye, muulutsi wa Cinyanja wodziwika ndi pulogalamu yace ya Kabvulumvulu, anacoka ku Lusaka napita ku Tanganyika, kumene anali kuulutsa mau a cipani ca UNIP kulinga kwao, ndipo anafotokoza za nyimbo za nthawi imeneyo m'buku lace la Singing for Freedom la 1977. M'zaka zomwezo mawailesi ang'ono a transistor, odya mabatire a toci, anayamba kulowa m'masitolo, ndipo sefuliya anapuma nchito.

Ufulu utabwera

Citaganya cinatha pa 31 December 1963. Malawi anakhala ndi nyumba yace ku Blantyre mu 1964, ndipo ya ku Lusaka inasanduka Zambia Broadcasting Corporation dziko litalandira ufulu pa 24 October 1964, kenaka Zambia Broadcasting Services mu 1966. Cishona ndi Cindebele zinacoka pa ndandanda, Cikaonde cinalowa. Mlandu wa maora sunathe, unangosintha oweruza. Maiko awiriwa anaweruza mosiyana. Ku Malawi msonkhano wa cipani wa 1968 unakweza Cicewa kukhala cinenero ca dziko, ndipo Citumbuka cinacotsedwa pa wailesi kufikira 1994. Ku Zambia Boma la Dr Kenneth Kaunda linaopa kukweza mtundu umodzi pamwamba pa inzace, cotero linasunga Cingerezi ngati cinenero ca Boma, nilipatsa malo zinenero zisanu ndi ziwiri: Cibemba, Cinyanja, Citonga, Cilozi, Cilunda, Ciluvale ndi Cikaonde. Njira ya Zambia inali ya mtendere koposa, cinkana eni zinenero zocepa sanaleke kuwerenga mphindi zao ndi kuziyerekeza ndi za anzao, ndipo a zinenero zotsala kunja, monga Citumbuka, Cinsenga ndi Cimambwe, anali ndi dandaulo laonso.

Mitundu ya mapulogalamu imene inapezedwa m'masiku a sefuliya ndiyo inabala zipatso zokoma pambuyo pa ufulu. Kuyambira 1966 kufikira 1976 Bambo Julius Chongo anali kusimba nthano zace m'pulogalamu ya Poceza m'Madzulo, munthu mmodzi yekha kusintha liu kukhala nkhalamba, mtsikana, mfumu ndi kalulu, ndipo Cinyanja cace cinali cokoma kotero kuti Dr Ernst Wendland anazilemba nazisanthula m'mabuku. Aphunzitsi a Cinyanja amene afuna kuonetsa ana mphamvu ya mau onga phwii, zii ndi gwaa sangapeze citsanzo coposa ico. Kwa Abemba, Bambo David Yumba anayankha makalata a omvera zaka zoposa 20 m'pulogalamu ya Kabusha Takolelwe Bowa. Dzinalo ndi mwambi wonena kuti wofunsa saledzera ndi bowa woipa, mbale wace wa uja wakuti safunsa anadya phula. Anthu anali kufunsa za ukwati, za cuma ca masiye, za malamulo ndi za matenda. Imeneyo inali Zimene Mwatifunsa itakula msinkhu: kalata yopempha nyimbo inasanduka kalata yopempha nzeru.

Lamulo la 1987 linakhazikitsa Zambia National Broadcasting Corporation, imene inayamba nchito mu 1988. Radio One ndiyo isenza zinenero zisanu ndi ziwiri zija mosinthana, ndipo Radio Two ndi Radio Four ziulutsa m'Cingerezi. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwerera mu 1991, khomo linatseguka kwa ena: Radio Christian Voice inayamba mu 1994, Radio Phoenix ya Bwana Errol Hickey mu 1996, ndipo pambuyo pace zinabuka nyumba za mipingo ndi za m'zigawo, monga Radio Maria ndi Breeze FM ku Chipata. Apa kagawidwe kanatembenuka. Kale nyumba imodzi inali kugawira anthu onse maora. Tsopano nyumba iri yonse isankha anthu ace, ina acinyamata, ina opemphera, ina okonda mikangano ya ndale, ndipo banja la ku Chelstone lisankha pakati pa nyumba zambiri m'malo modikira ora lace. Kalata ya sitampa inalowedwa m'malo ndi foni, ndipo moni umene kale unali kudikira miyezi umveka pa mphindi yomweyo.

Bambo Alick Nkhata anakwera kufikira kukhala waciwiri kwa mkulu wa nyumba ya wailesi, nayang'aniranso za miyambo m'Boma. Atapuma nchito anakakhala ku famu yace ku Mkushi, ndipo kumeneko anaphedwa mu October 1978, pamene asilikali a Rhodesia anaukira misasa ya omenyera ufulu wa Zimbabwe imene inali pafupi. Nyumba ya Mass Media Complex, kumene Radio One iulutsira lero, iri pa mseu wochedwa Alick Nkhata Road, kufupi ndi bwalo lakale la ndege kumene makina a mawati 300 anayambira kulankhula mu 1941.